Injini Yangomangidwa Kumene Koma Yayambanso Kufuka: Poyambira Kufufuza

Mnyamata wina wa kabaza anafika pagalaja panga m'mawa wina mwezi wa Okutobala akukankha njinga, thukuta lili kamukamu. Panali patangotha masabata atatu chimangitsireni injini: pisitoni yatsopano, maring'i atsopano, magasiketi onse atsopano. Ndalama yake anachita kukongola kubanki mkhonde, ndipo anali asanayambe n'kubweza komwe. Atayiliza kuti ndimve, utsi wabuluu unangoti tolotolo. Ndinapisa chala kukamwa kwa ekizozi, chinatuluka chili bii, mafuta noninoni. Pa dipisitiki, kandodo koyezera oyilo kaja, oyilo anangonyowetsa kunsonga kokha.

"Akulu," anatero, "kodi alipo wandichita chipongwe, kapena amakaniko aja anandiikira zakale?"

Panalibe womuchita chipongwe, ndipo zipangizo zinalidi zatsopano. Nditatsegula bokosi la air filter ndinapeza siponji itang'ambika pakona, ndipo m'paipi yopita ku kabuleta munali fumbi losalala ngati ufa wosefa. Fumbi lomwe linadya injini yoyamba lija ndi lomwenso linadya yachiwiri.

Nkhani ngati imeneyi ndimakumana nayo kawirikawiri, ndipo imandipweteka mtima chifukwa ndimadziwa kumene ndalama zimenezo zimachokera. Injini ikayambanso kufuka, kudya oyilo kapena kunoka itangomangidwa, vuto limakhala linabadwa pamalo amodzi mwa awa: chomwe chinaipha poyamba sichinachotsedwe, buloko (chitsulo cha bowo lomwe pisitoni imayendamo) sinayezedwe, m'kati munatsala litsiro, kapena masiku ake oyamba pamsewu inayendetsedwa molakwika. Zitsanzo zanga nditenga kwambiri pa injini za mtundu wa CG, zija zinatengera Honda CG125 yomwe inatuluka mu 1975, chifukwa njinga zambiri zochokera ku China zomwe zadzaza m'masiteji mwathu zili ndi injini imeneyi. Za Bajaj Boxer ndi zina zokhala ndi timing chain (tcheni choyendetsa mavavu) zimasiyana apo ndi apo, ndipo ndidzatchula pamene zasiyana.

Musanamasule nati ndi imodzi yomwe

Ambiri akangoona utsi amathamangira sipanala. Dikirani kaye. Utsi umanena wokha kumene ukuchokera, ndipo nthawi zina mankhwala ake safuna n'kutsegula injini komwe.

Yambani ndi mlingo wa oyilo. Injini ya CG imalowa pafupifupi lita imodzi ikakhala yophwasulidwa, ndipo pongosintha imalowa wocheperapo. Anthu ena amati injini yatsopano imafuna oyilo wambiri, n'kuthiramo mpaka kukamwa. Oyilo wosefukira amamenyedwa ndi crankshaft (chitsulo chozungulira cha pansi pa injini), amakwera m'paipi yopumira injini, ena n'kukathera m'bokosi la air filter, ndipo njinga imafuka ngati maring'i atha pomwe ali bwinobwino. Poyeza, njinga iime chilili pamalo athyathyathya, osati itatsamira pa sitandi ya m'mbali. Pa CG dipisitiki mumangoikhazika pakamwa osaipotokola. Onaninso kuti paipi yopumirayo sinapindike kapena kutsekeka ndi matope, chifukwa ikatsekeka mpweya umasowa kotulukira ndipo umakankha oyilo kudutsa paliponse pomwe wapeza mpata.

Kenako yang'anani mtundu wa utsi ndi nthawi yomwe ukutuluka. Wakuda ndi petulo wochuluka: choke yaiwalika, filter yatsekeka, kapena kabuleta ikusefukira. Woyera wopepuka womwe umatha injini ikatentha ndi nthunzi chabe, makamaka m'mawa wa mu Juni ndi Julayi. Wabuluu ndiye oyilo. Ukamatuluka wambiri poliza njinga yomwe yagona usiku wonse, kenako n'kuchepa, kapena ukamatuluka mukangokokanso moto mutatsika mtsetse wautali, kaikirani ma seal a mavavu ndi ma guide ake. Ukamatuluka nthawi zonse ndipo n'kumawonjezeka mukakoka moto, kaikirani maring'i ndi buloko. Musaiwale kuti mu ekizozi mumatsalira oyilo wa injini yakale ija. Njinga ikhoza kufuka tsiku loyamba lonse ikungowotcha zotsalirazo. Utsi wa tsiku loyamba usakuopseni. Wa sabata yachitatu ndiye wofunika kuufufuza.

Ngati pali geji yoyezera kompuresheni (mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya), yezani injini ili yofunda, moto mutaukoka mpaka kumapeto. Kenako thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera kwambiri, mpweya ukuthawira m'maring'i. Ikangokhala pomwe inali, ukuthawira m'mavavu kapena pa gasiketi ya hedi (mutu wa injini).

Chomwe chinaipha poyamba

Apa ndi pomwe amakaniko ambiri timapupuluma. Mwini njinga akufuna njinga yake madzulo omwewo, ife tikufuna ndalama ya ntchito, ndiye timangochotsa chakutha n'kuika chatsopano osafunsa kuti chinatha bwanji. Pisitoni yakale ija musaitaye musanaiwerenge. Ikakhala ndi timizere tambirimbiri tosaya mbali ya kabuleta ndipo maring'i apyapyala, fumbi ndi lomwe linkalowa. Ikakhala yokhulika mbali zonse, aluminiyamu atamatirira pakhoma la buloko, inatentha mopitirira kapena oyilo anatha. Pamutu pake pakakhala podyeka ngati palumidwa ndi chiswe, kapena patabooka, injini inkaphulitsa molakwika, ndipo zimenezi zimabwera ndi petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, pulagi yosayenera, kapena mafuta osakanizidwa ndi palafini. Nthawi yomwe mafuta amasowa m'mafilingi siteshoni, anyamata ambiri amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu, ndipo ena mwa mafuta amenewo sakhala abwino.

Choncho musanamange, gwirani labala yolumikiza kabuleta ndi hedi, muipinde pang'ono muone ngati ili ndi ming'alu. Onani chivundikiro cha bokosi la filter ngati chikutseka bwino. Siponji yong'ambika sisokedwa, imagulidwa ina. Yabwinobwino imachapidwa, kuumitsidwa, kenako n'kunyowetsedwa ndi oyilo n'kufinyidwa mpaka asiye kudontha, chifukwa oyiloyo ndi yemwe amagwira fumbi. Siponji youma imadutsitsa fumbi losalala lija lomwe timayendamo kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Filter ya pepala ndiye simaithira oyilo kapena kuichapa, ikada mumasintha.

Gwiraninso con-rod, ndodo yachitsulo yolumikiza pisitoni ndi crankshaft, buloko itachoka. Ikokeni m'mwamba ndi kuikankhira pansi. Kugwedera m'mbali pang'ono n'kololedwa, koma ikamagwedera m'mwamba ndi pansi, bering'i yake yatha, ndipo pisitoni yatsopano siingachiritse zimenezo. Mudzamanga, njinga idzalira, pakatha masiku mudzamva kugogoda kwa pansi.

Buloko imayezedwa, siionedwa ndi maso

Kulakwitsa komwe ndimakupeza kwambiri ndi kuika maring'i atsopano m'buloko yakutha. Buloko simatha mofanana. Imadyeka kwambiri kumtunda komwe maring'i amatembenukira, ndipo imasiya kukhala yobulungira bwino. Ring'i yatsopano ndi yobulungira. Ikalowa m'bowo lomwe lapotoka imakhudza mwina ndi mwina, mwina n'kusiya mpata. Mpata umenewo sudzatsekeka ngakhale mutayendetsa njinga mosamala chotani.

Yendetsani chikhadabo m'kati cha kumtunda. Chikakodwa pa kamzere kozungulira, buloko yatha. Kuyesa kwina komwe aliyense angathe ndi uku: tengani ring'i yatsopano, ilowetseni yokha m'buloko, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, ndipo muyeze mpata wa pakamwa pake ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mipata. Yezani cha pansi pomwe sipadyeka, kenako cha kumtunda. Mpata ukakula kwambiri kumtunda, mwapeza yankho. Pa CG125, yomwe bowo lake ndi mamilimita 56.5, mpata wa maring'i awiri a pamwamba umayenera kukhala pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm. Ukachepa kuposa pamenepo, ring'i ikatentha imafutukuka, nsonga zake zimagundana, ndipo imakanda khoma kapena kuthyoka. Zikatero palani nsongazo pang'onopang'ono ndi tupa yosalala mpaka mpata ukwane.

Buloko ikatha, njira ndi ziwiri: kugula ina pamodzi ndi pisitoni yake, kapena kukapangitsa ribowa, kutanthauza kukulitsa bowo lake pamakina. Mapisitoni okulirapo amabwera m'masaizi a 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00 mm. Gulani kaye pisitoni, kenako mupite nayo limodzi ndi buloko kwa a makina, kuti akakulitse bowo molingana ndi pisitoni yomwe ili m'manja mwawo. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma pa injini zing'onozing'onozi ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la munthu, ndipo mapisitoni a pamsika ngakhale atalembedwa saizi imodzi safanana ndendende. Munthu wokulitsa bowo asanaone pisitoni akungolota.

Buloko ikabwera kuchokera kumakina, iyang'aneni padzuwa. M'kati muzioneka timizere topingasana ngati mkeka. Ikakhala yosalala see, yonyezimira ngati galasi, ibwezeni akaipange honing, komwe ndi kuipala ndi mwala kuti timizereto tituluke. Timizere timeneto ndi tomwe timasunga oyilo, ndiponso ndi tomwe tidzanole maring'i kuti akhale bwino. Ngakhale buloko yakale yomwe mwaiyeza n'kupeza kuti ikadali m'saizi imafunika honing musanaikemo maring'i atsopano.

Tsopano chinthu chomwe ambiri amandiyang'ana nacho modabwa: buloko yochokera kumakina imatsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo. Petulo kapena palafini sachotsa mchenga wa mwala wa honing womwe umabisala m'timizere tija. Tsukani ndi bulashi, pukutani ndi kansalu koyera, ndipo kansaluko kakatuluka kali ndi mzere wotuwa, tsukaninso. Kakatuluka koyera, umitsani msanga n'kupaka oyilo nthawi yomweyo chifukwa dzimbiri silichedwa. Mchenga umenewo ukatsala, injini imadzipera yokha kuyambira pa kiki yoyamba. N'chimodzimodzinso ndi malo omangira. Injini yomangidwira pansi pa mtengo wa mango, zipangizo zili padothi, mphepo ikuuluza fumbi, yayamba kale kutha isanalire. Yalani katoni yoyera kapena thumba lotsuka, ndipo chilichonse chomwe simukuchigwira chivundikireni.

Pomanga, tizinthu tating'ono tomwe timabwezetsa njinga

Maring'i awiri a pamwamba safanana ngakhale amaoneka ngati ofanana. Kawirikawiri ya pamwamba imakhala yonyezimira m'mphepete, yachiwiri yoderapo. Pafupi ndi pakamwa pamakhala kachilembo, ndipo kachilemboko kayang'ane kumwamba. Ring'i yachiwiri ikaikidwa chadodolido, m'malo mokokolola oyilo kumubweza pansi imamukankhira kumwamba, ndipo njinga imafuka kuyambira tsiku loyamba mpaka mutatsegulanso. Ring'i ya oyilo ya zidutswa zitatu ili ndi kasipuling'i pakati. Nsonga zake zigundane, zisakwerane. Makamwa a maring'i muwabalalitse mozungulira, asakhale pamzere umodzi, ndipo asayang'ane komwe kuli pini ya pisitoni.

Pisitoni nayo ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Ikalembedwa IN, mbali imeneyo iyang'ane ku kabuleta. Timakilipi togwira pini tizikhala tatsopano nthawi zonse, ndipo poika tsekani kukamwa kwa injini ndi nsalu kuti kamodzi kakathawa kasagwere m'kati. Kakilipi kakale kofooka kakatuluka injini ikulira kamalima mzere m'buloko yatsopano.

Za silikoni ndilankhulapo mwamphamvu. Gasiketi yabwino pamalo osalala bwino sifuna silikoni. Anthu amapaka wambiri poopa kudontha, ndiye akamanga manati, wotsalayo amafinyikira m'kati, n'kuduka, n'kukatseka kanjira kopititsa oyilo kumutu kwa injini. Ndinatsegulapo hedi yomwe ma rocker ake (tizitsulo tokankha mavavu) anali atasanduka abuluu ndi kutentha, ouma gwa, ndipo m'kabowo ka oyilo ndinasololamo kachingwe ka silikoni kofiira kotalika ngati nyongolotsi. Injiniyo inali isanathe ndi sabata yomwe.

Injini ya CG ilibe filter ya oyilo ya pepala. Ili ndi kasefa ka waya kokhala ndi sipuling'i cha pansi pa injini, komanso kachitini kozungulira pa crankshaft kuseri kwa chivundikiro cha kumanja, komwe kamaponyera zinyalala m'mbali mwake injini ikamazungulira. Ngati injini inanoka, zitsulo zonse zomwe zinadyeka zili mmenemo. Tsegulani mukokolole. Mukasiya, oyilo watsopano adzazinyamula n'kuzipititsa ku zipangizo zatsopano.

Manati a hedi amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, maulendo awiri kapena atatu, osati kumaliza imodzi kenako n'kupita pa ina. Ngati pali torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, igwiritseni ntchito ndi nambala ya m'buku la njingayo. Pa Boxer ndi zina za timing chain, chilembo T pa flywheel chikhale pamzere wake pomwe chizindikiro cha pa giya ya kamu chili pamalo ake. Kuphonya dzino limodzi lokha kumapangitsa njinga kulira koma yopanda mphamvu ndi yotentha msanga, ndipo kuphonya ambiri kukhoza kugundanitsa vavu ndi pisitoni. Zungulitsani injini ndi dzanja maulendo angapo musanaponde kiki. Matapeti, mpata wa pakati pa rocker ndi vavu, amatcheredwa injini ili yozizira, pisitoni ili pamwamba mavavu onse atatseka. Pa Honda CG125 mpata wake ndi 0.08 mm.

Kuliza koyamba

Chotsani pulagi, pondani kiki kambirimbiri kuti pampu iyambe kukoka oyilo, kenako bwezerani pulagi n'kuliza. Ikangolira, masulani pang'ono chivundikiro cha matapeti muone ngati oyilo wafika kumutu. Pakatha mphindi imodzi kuli kouma, zimitsani pomwepo. Musakoke moto mwamphamvu pofuna kumva kulira kwake.

Pali chikhulupiriro china chomwe chafala m'magalaja mwathu, choti injini yatsopano izisiyidwa ikulira yokha pamalo amodzi kwa maola angapo, ena mpaka amati thanki yonse ithe, kuti "ifewe". Chimenechi chawononga injini zambiri. Injini izi zimazizira ndi mphepo ya pamsewu. Zikaima malo amodzi palibe choziziziritsa. Koma vuto lalikulu ndi la maring'i. Ring'i siikanikiza khoma ndi mphamvu yake yokha ayi. Petulo akaphulika, mpweya umalowa kuseri kwa ring'i n'kuikankhira kukhoma. Timizere ta honing tija timagwira ntchito ngati tupa: ring'i ikakanikizidwa bwino imanoleka mpaka kugwirana ndi khoma mozungulira monse. Injini ikamangolira pang'onopang'ono yopanda katundu, kukanikizako kumakhala kochepa, timizere timabuntha ring'i isanakhale, oyilo amapserera pakhoma n'kupanga kachikopa konyezimira, ndipo mwayi wapita. Njinga yotero imalira bwino, imayenda, koma imadya oyilo moyo wake wonse.

Ndiye ikafunda kwa mphindi zitatu kapena zisanu, ndipo mwaona kuti palibe podontha, valani helemeti mulowe mumsewu.

Makilomita oyamba

Ulendo woyamba ukhale wa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, muli nokha, pamsewu wopanda chitunda chachikulu ndi wopanda mzere wa galimoto. Mukafika mu giya yachitatu, kokani moto cha pakatikati kuti njinga ikoke kuchoka pa liwiro la makilomita 30 pa ola kufika cha m'ma 50, kenako tsekani moto muisiye ibwerere yokha ili mu giya, osagwira kilachi. Bwerezani kangapo. Pokoka mukukanikiza maring'i, potseka injini imakokera oyilo kukhoma yemwe amaziziritsa ndi kutsuka tizitsulo tomwe tanoleka. Mukabwerera, zimitsani, muisiye izizire mpaka mutha kugwira hedi ndi dzanja. Chitani chimodzimodzi kawiri kapena katatu tsiku limenelo. Mawa lake m'mawa, injini ili yozizira, yang'ananinso manati a hedi ndi matapeti chifukwa gasiketi yatsopano imaphwa.

Kufikira makilomita 500, moto usapitirire theka kwa nthawi yaitali, ndipo musakhale pa liwiro limodzi. Sinthasinthani magiya. Kuchokera pa 500 kufika pa 1,000 mukhoza kumakoka mpaka cha kumapeto kwa kanthawi kochepa n'kubwezanso. Njinga zambiri za kabaza geji ya makilomita inafa kalekale, ndiye werengerani ndi misewu yomwe mukuidziwa. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Zomba ndi makilomita opitirira pang'ono 60. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima ndi pafupifupi 100. Koma chingwe cha geji si chodula poyerekeza ndi pisitoni, ndipo ino ndi nthawi yabwino yochigula.

Choopsa chomwe anyamata ambiri sachidziwa ndi kuyendetsa giya yaikulu pa liwiro lochepa. Amachita zimenezi pofuna kusunga mafuta: njinga ili mu giya yomaliza, ikukwera kachitunda, injini ikugunda thi, thi, thi, ngati ikufuna kuzima, iye wakoka moto wonse. Amaganiza kuti akuisamala chifukwa sikulira mokweza. Kunena zoona pamenepo ndi pomwe pisitoni ndi mabering'i akumenyedwa kwambiri, pampu ikupopa oyilo wochepa, ndipo kutentha kukukwera. Injini yatsopano imakonda kuzungulira momasuka mu giya yocheperapo. Ikayamba kulemedwa, tsitsani giya.

Kutentha ndiye mdani wa pisitoni yatsopano. Aluminiyamu amafutukuka msanga kuposa chitsulo cha khoma la buloko, ndipo mpata uja ndi wochepa kale. Mukanyamula anthu awiri, kapena matumba a makala, n'kukwera chitunda cha ku Chikwawa masana a mu Okutobala ndi injini ya masiku awiri, musadzadabwe pisitoni ikadzagwira khoma n'kukana kuyenda. Chizindikiro chake chimabwera chisanachitike: mphamvu imayamba kuchepa popanda chifukwa, kulira kumasintha kukhala kouma, fungo la chitsulo chotentha limamveka. Mukamva zimenezo gwirani kilachi nthawi yomweyo, patukani, zimitsani, dikirani. Musaithire madzi, hedi yotentha ikathiridwa madzi ozizira ikhoza kupindika kapena kung'aluka. Ndipo zipsepse za buloko ndi hedi zizikhala zoyera, chifukwa matope ouma pakati pake ali ngati bulangeti.

Ndikudziwa kuti kuuza munthu wa kabaza kuti ayende wopanda pasenjala kuli ngati kumuuza kuti ana agone ndi njala, makamaka ngati njinga ndi ya abwana omwe akudikira ndalama yawo madzulo aliwonse. N'chifukwa chake ndimakonda kulankhula ndi eni njinga pamaso pa woyendetsa, ndisanapereke makiyi. Ndimawauza kuti, "Bwana, masiku awiri kapena atatu oyambawa musawerengere ndalama. Mukamuumiriza, adzanyamula katundu mobisa, ndipo injiniyi mudzailipira kawiri." Akadutsa masiku amenewo, pasenjala mmodzi pamsewu wosakwera kwambiri alibe vuto. Awiriawiri, matumba a chimanga ndi a feteleza adikire makilomita 1,000 akwane.

Oyilo wa masiku amenewa

Gwiritsani ntchito oyilo wamba wa njinga zamoto, monga 20W-50 wolembedwa 4T ndi JASO MA pabotolo. Zilembo zimenezo zikutanthauza kuti ndi woyenera kilachi yomwe imasambira mu oyilo, momwe zilili njinga zathuzi. Oyilo wina wa galimoto amakhala ndi mankhwala oterera kwambiri omwe amapangitsa kilachi kutsetsereka. Ngati mutatha kumanga mwaona kuti injini ikukwera kulira koma liwiro silikukwera, funsani kaye kuti munathira oyilo wanji, kenako onani ngati chingwe cha kilachi chili ndi kampata pachogwirira. Oyilo wopimidwa m'mabotolo a zakumwa, yemwe simukudziwa mgolo womwe wachokera, asayandikire injini yomwe mwangoivutikira.

Ine ndimasintha koyamba pakati pa makilomita 50 ndi 100, kachiwiri pa 500, kachitatu pa 1,000, ndipo nthawi iliyonse ndimatsuka kasefa kaja. Khuthulirani oyiloyo m'beseni loyera, injini ili yofunda, mupite naye padzuwa. Woyamba amakhala ndi kunyezimira kosalala ngati fumbi la siliva. Zimenezo n'zoyembekezeka, ndi maring'i ndi khoma zikunolana. Wachiwiri kunyezimirako kuchepe. Mukapeza tizidutswa toti mukhoza kutigwira ndi zala, kapena tofiirira ngati mkuwa, imitsani njinga mufufuze.

Ikamavutabe

Njinga yovuta kulira m'mawa patapita masiku ochepa chimangireni, kiki ikupepuka, nthawi zambiri ndi matapeti omwe athina. Vavu yosatseka bwino imathawitsa kompuresheni ndipo pamapeto pake imapsa. Tapeti yolira pang'ono che, che, che ndi yabwino kuposa yongoti zii chifukwa yathina. Musalole munthu kuwathinitsa pofuna kuti injini izimveka yofatsa.

Ikamatentha msanga, chotsani pulagi muone nsonga yake. Yabwino imakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka. Yoyera mbee ikunena kuti petulo akuchepa: jeti yatsekeka, kapena mpweya ukulowera pa labala ya kabuleta ija. Yakuda youma ndi petulo wochuluka, ndipo nayenso ndi woipa pa nthawi imeneyi chifukwa amatsuka oyilo pakhoma. Yakuda yonyowa ndi oyilo. Pa CG125 pulagi yake ndi NGK D8EA, ya mpata wa 0.6 mpaka 0.7 mm, musangoika iliyonse yomwe mazinga ake alowa.

Oyilo akamanyowetsa pakati pa hedi ndi buloko, yesani kaye kubwereza manati injini ili yozizira. Zikapitirira, mwina hedi inapindika pomwe injini inatentha kale paja, ndipo imafunika kukasalazidwa.

Mukafika makilomita 1,000 utsi wabuluu ukadalipo, oyilo akutsikabe, ndipo paipi yopumira ikufwenthera utsi, musapitirize kudikira kuti zisintha. Maring'i omwe sanakhale pofika pamenepo sadzakhalanso. Tsegulani. Mukapeza khoma likunyezimira koma lili m'saizi, honing ndi maring'i ena atsopano zikwanira. Omwe mwachotsawo musawabwezere ngakhale akuoneka atsopano. Mukapeza timizere toimirira kuchokera pamwamba mpaka pansi, bwererani ku filter ndi katsukidwe, chifukwa china chake chikulowabe.

Ya mnyamata uja inali ya timizere toimirira. Tinakulitsa bowo kufika pa 0.50, tinagula siponji yatsopano ndi labala ya kabuleta, ndipo buloko anatsuka yekha ndi madzi otentha ine ndikuonerera, kanayi konse kansalu kasanatuluke koyera. Abwana ake anavomera kumupatsa masiku atatu. Atabwera pa makilomita 500 tinapendeketsa beseni padzuwa tonse awiri, kunyezimira kunali kochepa. Pa 1,000 oyilo anali pomwe tinamusiya pa dipisitiki, tapeti ya ku ekizozi yokha ndi yomwe inali itathina pang'ono, ndipo tinaibwezera pa 0.08. Ndinapisanso chala mu ekizozi, chinatuluka ndi mwaye wouma.